Njanji ya ku Nacala ndi thiraki ya achimwene

Maganizo opita ku Nacala anandibwerera tsiku limene abwana athu anatiitana mu ofesi yawo n'kutiuza kuti kasitomala wathu wamkulu, amene ankaitanitsa feteleza kunja, wayamba kufunsa za njanji. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ku Area 4 mu Lilongwe, pa kampani yaing'ono yowombola katundu wa anthu pa boda ndi kumupezera mathiraki. Katundu yense amene ankadutsa m'manja mwanga ankachokera ku doko la Beira, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kulowa m'dziko muno pa Dedza. Njira ina sitinkaidziwa, ndipo sitinkafuna n'komwe kuidziwa.

"Njanjiyo akonzera malasha awo a ku Tete," anatero abwanawo. "Ife sizikutikhudza. Kagwireni ntchito."

Anzanga anagwedeza mitu n'kubwerera m'malo mwawo. Ine sindinakhutire. Makampani akuluakulu akunja anali atathira chuma chosaneneka pokonza njanji yochokera ku migodi ya malasha ya ku Mozambique, kudutsa m'Malawi muno mpaka kukafika kunyanja, ndipo doko la Nacala nalo ankalikuza. Anthu sangalambule msewu waukulu chotero kuseri kwa nyumba yako iwe n'kumati sizikukukhudza. Pasanapite nthawi ndinamva kuti kampani ina ya ku Nacala ikufuna Mmalawi wodziwa malamulo athu a msonkho wa pa boda. Ndinafunsira, ndipo ananditenga.

Amuna anga, bambo a Tawonga, kwawo ndi ku Rumphi, ndipo amagwira ntchito ya boma ku Capital Hill. Tinkakhala m'nyumba ya boma ku Area 15. Ndinawauza nkhaniyi Loweruka lina masana, akuthirira mpiru kuseri kwa nyumba.

"Mayi a Tawonga, mukuti Nacala? Chipwitikizi mumachidziwa?"

"Ndikachiphunzira konko."

"Nanga mwanayu?"

"Mwana ali ndi bambo ake. Kapena mukuti simungakwanitse?"

Anatseka mpopi. Anati anthu a kutchalitchi atinena, ndipo amayi awo ku Rumphi sakagona tulo akamva kuti mpongozi wawo wasiya banja n'kupita dziko la eni. Ndinati atinene, akatopa asiya. Pamapeto pake anaseka n'kunena kuti, "Ndikakukanizani lero, ofesi yanuyo n'kudzatsekedwa mawa, mudzandisungira chakukhosi mpaka ukalamba. Pitani."

Amene anandiseka kwambiri anali achimwene anga a Lameki. Iwowa ndi amene anandiphunzitsa sukulu bambo athu atamwalira, ndipo ntchito yawo inali yoyendetsa thiraki pa msewu womwewo wa Beira. Ku Tete ankadziwa pogona, ku Beira ankadziwa podyera, ndipo ana awo onse anakulira pa thukuta la msewu umenewo.

"Alinafe, ndiye ukukagwira ntchito kwa adani athu?" anandifunsa. "Sitima yakoyo ikamadzafika pa Kanengo, ine ndidzakhala nditapita ku Beira, kubwerako, kupitanso."

Komabe ndi iwo amene anandigulira chikwama cha paulendo n'kundiperekeza kudepoti.

Ndinadzera ku Mangochi, kutulukira pa boda ya Chiponde, n'kukakwera sitima ya anthu ku Cuamba. Tili pakati pa tchire, sitima yathu inapatukira pa kanjanji kapambali n'kuima. Tinadikira dzuwa likuswa mtengo, ana akulira, anthu akugula nthochi pawindo. Kenako pansi panayamba kunjenjemera, ndipo sitima ya malasha inatulukira. Mabogi ake ankangobwerabe, akuda bii, mpaka khosi linandipweteka ndi kuyang'ana. Itatha kudutsa m'pamene yathu inaloledwa kupitiriza. Ndisanafike n'komwe pa ntchito ndinali nditaphunzira kale chinthu chachikulu, chakuti njanji imeneyi ili ndi eni ake, ndipo enafe tidzayenda m'mipata imene iwo asiya.

Masiku ano ndili ndi ofesi yanga ku Old Town, kuno ku Lilongwe. Kumabwera amalonda oitanitsa malata, nsapato, zipangizo za magalimoto, ena mankhwala a ziweto. Ambiri akangolowa amafunsa funso limodzi, kuti njira yotchipa ndi iti. Ndimawauza kuti ayambe afunsa kuti njirayo anamangira ndani, chifukwa tsiku la mavuto mwini njira ndiye amayamba kudutsa. Ena amandiona ngati ndikuzungulira. Amene anakhalapo ndi kontena yokanirira padoko miyezi, uku lendi ya sitolo ikuwadikira, amandimva msanga.

Miyezi yoyamba ku Nacala inali yowawa, sindibisa. Ndinkachita lendi chipinda kumtunda kwa tauni, pamalo poti ukaima pakhonde umaona doko lonse, makireni okwezera katundu ndi sitima zapamadzi zitandanda podikira. Kutentha kwake si kwa ku Lilongwe, thukuta silimauma. Mu ofesi anthu ankayankhula Chipwitikizi, pamsika Chimakua, ndipo ine ndinkangomwetulira ngati wosamva. Tsiku lovuta linali Lamlungu. Ndinkapita kutchalitchi, kukhala kumbuyo, kutuluka osamva ulaliki, kenako kubwerera kuchipinda n'kumamvetsera mawu amene Tawonga wanditumizira pa foni. Ankandiuza zazing'ono, kuti dzino lagwedera, kuti adadi apsereza nyemba, kuti aphunzitsi a masamu ndi ankhanza. Uthenga umodzi ndinkaumvetsera mobwerezabwereza mpaka kuuloweza. Nditadwala malungo ndinagona ndekha, madzi akumwa ndikuchita kudzikokera, ndipo kunyumba ndinangolemba kuti netiweki ikuvuta.

Za ndalama, malipiro anali abwino kuposa a ku Area 4, ndipo n'chimene chinandilimbitsa. Koma kumudzi kwathu ku Mitundu nkhani inafala yoti Alinafe ali kunja, akusambira m'ndalama. Foni sinkapuma. Uyu maliro, uyu fizi, uyu akufuna mpamba wa geni, wina amene sindinamuonepo chibadwire akuti ndi msuweni wanga. Poyamba ndinkatumiza kulikonse poopa kutchedwa woumira. Nditaona kuti ndikugwira ntchito kutali ndi mwana wanga popanda chooneka, ndinaphunzira kukana. Ndinkathandiza amayi, kutumiza za pakhomo panga, zotsalazo kusunga. Ena anandikwiyira, ndipo mpaka lero pali amene amandipatsa moni wa kumphuno. Sindidandaula.

Chipwitikizi chinabwera pang'onopang'ono, choyamba cha padoko, cha macheza pambuyo. Abwana anga kumeneko anali a Amade, bambo wofatsa amene anakulira padoko pomwepo. Anandiphunzitsa kuyang'ana kutali. Ankati katundu akachedwa ku Lilongwe, vuto lisamafunidwe ku Lilongwe. Mwina doko lina ku Asia ladzaza, mwina kampani ya sitima yasintha njira chifukwa dziko lina latsegula doko lakuya kuposa lathu, mwina makontena opanda kanthu aunjikana kumene sakufunika. Ndinayamba kuona kuti mtengo wa lata limodzi pa msewu wa Malangalanga ku Lilongwe umayambira m'maofesi a anthu amene dzina loti Malawi sanalimvepo.

Mayeso anga enieni anadza chaka chimene sitima zambiri zapamadzi zinaleka kudzera njira yachidule ya ku Suez chifukwa cha nkhondo ya m'dera limenelo, n'kuyamba kuzungulira kumunsi kwa Africa. Sitima zobweretsa feteleza zinachedwa, ndipo pofika zinafikira pamodzi. Kumudzi anthu anali atamaliza kale kugalauza, akungoyang'ana kumwamba. Ku Beira mathiraki anali pa mzere wosaoneka kothera. Kwathu ku Nacala feteleza wa amalonda angapo a ku Malawi anali mbwee m'nyumba zosungira katundu, koma a njanji ankatiyankha chimodzimodzi tsiku lililonse: wa mabogi ochepa adikire, malasha sangaime.

Ndinapita kwa a Amade n'kuwafunsa kuti, "Nanga tikadzaza sitima yathunthu, atipatsa mpata?"

"Sitima yathunthu amaipatsa ulemu," anayankha. "Koma palibe kasitomala wako ali ndi katundu wodzaza sitima."

"Mmodzi palibe. Onse pamodzi alipo."

Anaseka, nati anthu amenewo ndi opikisana pa malonda, sangakhale mphasa imodzi. Ndinati andilole ndiyese, popeza ndi anthu akwathu ndipo ndikudziwa powagwira. Ndinayamba kuwaimbira mmodzimmodzi. Wovuta kwambiri anali kasitomala wamkulu uja wa ku ofesi yathu yakale, bambo wa ku Area 10 amene sanazolowere kuuzidwa zochita ndi mzimayi.

"Mayi, mukufuna katundu wanga akwere sitima imodzi ndi wa munthu amene amandilanda makasitomala?"

"Bwana, mvula sikudziwa kuti awirinu simumwerana madzi," ndinatero. "Ikagwa feteleza wanu ali kuno, alimi agula kwa amene wafikitsa. Mukakwera limodzi, mukafika limodzi, mukalimbirana makasitomala konko katundu ali m'sitolo."

Anadula foni osatsanzika. M'mawa mwake anaimba okha n'kufunsa kuti asaine pati. Iwo atavomera, enawo sanavute.

Tsiku limene sitima imeneyo inanyamuka ndinaima pachipata cha doko n'kuiyang'ana ikukwera chitunda, bogi lililonse litadzaza matumba oyera opita kwathu. Feteleza analowa m'Malawi mvula isanakhazikike. Pobwerera sitinalole kuti mabogi abwere opanda kanthu, tinawapezera nandolo wopita ku India. Kuchokera pamenepo dzina langa linadziwika. Amalonda amene kale sankafuna kumva za njanji anayamba kundifunafuna, ndipo bambo a ku Area 10 aja anasamutsira katundu wawo yense ku Nacala. Kampani yathu inandikweza pa ntchito. Khirisimasi ya chaka chimenecho sindinabwere kunyumba chifukwa cha kuchuluka kwa zochita.

Pa foni zonse zinkamveka bwino. Ndikafunsa amayi za achimwene, ankati ali pa msewu. Ndikawalembera eni akewo, ankayankha mwachidule kuti, "Tilipo mlongo, limbikira." Sindinakayikire kanthu, popeza dalaivala amakhaladi pa msewu.

Chimene chinandibweza chinali Tawonga. Anali atatsala pang'ono kupita ku sekondale, ndipo mauthenga ake anali atafupika. Sankandiuzanso zazing'ono zija. Ndikafunsa za kusukulu ankati, "Ndawauza kale adadi." Ndinaona kuti ndikachedwa ndidzapeza mtsikana wamkulu wondipatsa ulemu ngati mlendo. Komanso ndinali nditadziwa ntchito mokwanira, ndili ndi anthu ondikhulupirira mbali zonse ziwiri za boda, ndi kampamba koyambira. A Amade anayesa kundiletsa, koma atalephera anati ndikhale maso awo ku Lilongwe, azinditumizira makasitomala.

Lilongwe ndinamupeza atasintha. Misewu ya ku City Centre inali itakuzidwa, ina ikudutsana pamwamba, mitengo imene ndinkaidziwa itadulidwa, ndipo pena ndinkasokera mumzinda wobadwira. Kunyumba ku Area 15 zinthu zinkayenda popanda ine. Bambo a Tawonga ankadziwa tsiku lobwera nsomba zabwino kumsika, ankadziwa saluni yomangitsa tsitsi la mwana, ndipo nyemba sankapserezanso. Zinandisangalatsa, komanso zinandibaya pang'ono. Ndinafunika kudzipezera malo m'nyumba yanga yomwe, ndipo zinatenga nthawi kuti Tawonga ayambenso kundigogodera pachitseko ndi nkhani zake.

Ndisanapite kukaona amayi ku Mitundu, ndinapita ku Old Town kukagula matabwa a mashelefu a ofesi imene ndinali nditangoipeza. Nditagula ndinapita pamene pamaima malole a hayala kuti ndipeze yonyamula. Madalaivala anandithamangira, aliyense akuitanira yake. Mmodzi yekha sanadzuke. Anakhala pa sitepe ya lole yakale yodzaza fumbi la njerwa, atatembenukira kumbali. Ndinawazindikira ndi msana.

"Achimwene!"

Anatembenuka pang'onopang'ono, akumwetulira mwamanyazi. Anali ataonda, tsitsi litachita imvi m'mbali.

"Wabwera liti, osanena?"

"Ndinakulemberani. Thiraki yanu ili kuti? Mukutani pano?"

Anandikokera pamthunzi wa sitolo n'kundifotokozera. Kampani yawo inkadalira feteleza wa bambo a ku Area 10 aja pamodzi ndi amalonda ena awiri atatu. Onsewo atasamukira ku njanji, mathiraki ambiri anaimikidwa ku Kanengo, ndipo madalaivala akuluakulu ndi amene anayamba kuuzidwa kuti akapume. Panali patadutsa chaka ndi miyezi. Lole imeneyi inali ya munthu wina, iwo ankangoyendetsa, kutuntha mchenga ndi njerwa kupita kumene anthu akumanga nyumba ku Area 43. Mwana wawo wamkulu anali ataimitsa kaye maphunziro a kukoleji.

Amalonda onse amene anawatchula anali anga, ndine ndinawanyengerera.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikuuze kuti utani? Ukazule njanji?"

"Ndikanathandiza."

"Ukanasiya ntchito n'kubwera kuno kudzalira nane, tikanakhala amphawi awiri. Ndinawaletsa amayi, ndinawaletsanso alamu. Tamvera Alinafe, chaka chijachi amayi anathira feteleza pa nthawi yake, ndipo chimanga chimene ana anga adya miyezi yonseyi chachokera m'munda umenewo. Walira mvula walira matope. Matopewo agwera ine, basi."

Matabwa aja ananyamula ndi iwo, ndipo anakana kuti ndiwalipire. Madzulo ake ndinawafunsa bambo a Tawonga ngati ankadziwa. Anavomera. Anati lole ija anawapezera ndi iwo kudzera kwa mnzawo wa ku ofesi, ndipo miyezi imene zinthu zinathina kwambiri ankagawana ndi alamu awo zimene ine ndinkatumiza. Ndinafuna kukwiya, koma ndinasowa poyambira.

Sindinganame kuti ndinanong'oneza bondo chifukwa cha sitima ija. Ndikanati ndibwerere m'mbuyo ndikanachitanso chimodzimodzi, chifukwa njanji ikanatenga katunduyo ndi ine kapena popanda ine, ndipo alimi ambiri anapindula. Koma ndili padoko ndinkaona matani ndi mabogi. Sindinaganizepo kuti thumba lililonse limene ndakweza sitima ndalitsitsa pa thiraki ya munthu wina, woti ali ndi dzina ndi ana.

Ndinadziwanso chinthu china chimene achimwene sankachiona ali pa sitepe ya lole ija. Njanji yatsopano ndi yolimba kumene kumadutsa malasha. Mbali yokhotera kuno ku Lilongwe ndi yakale, ndipo mvula ikakula imavuta. Ngakhale itakhala bwino, sitima siifika pakhomo la sitolo ku Mchinji kapena ku Kasungu. Katundu wochuluka ankatsikira ku Liwonde n'kumasowa womubweretsa kuno msanga. Dzinja la chaka chomwecho madzi anawononga mlatho wina wa njanji yakaleyo, ndipo a Amade anandiimbira ali ndi nkhawa kuti makontena a makasitomala athu aunjikana.

Ndinapita ku Kanengo kwa eni mathiraki oimikidwa aja n'kuwauza kuti andibwereke angapo, tizigawana phindu. Anavomera msanga, popeza galimoto yongokhala imadya matayala ake. Kenako ndinapita kwa achimwene.

"Ndikufuna madalaivala okhulupirika, oti katundu wa eni afike osabooledwa. Ine sindiwadziwa, inu mumawadziwa. Mukhale mkulu wawo."

"Ukundimvera chisoni?"

"Chisoni ndikanakupatsani ndalama. Apa ndikukupatsani mutu wopweteka."

Anatulutsa foni n'kuyamba kuimbira anzawo. Si onse anapezeka. Ena anali atapita ku Joni, wina anabwerera kumudzi kukalima fodya, ndipo amenewo sitinawabweze. Koma amene analipo anabwera, ndipo mpaka lero ndi amene amayendetsa katundu wathu pakati pa Liwonde ndi Lilongwe. Njanji ikakhala bwino timanyamula kuchokera pa Kanengo kupita m'maboma. Beira nayenso sitinamutaye, chifukwa ndinaphunzira kuti dziko lopanda nyanja lisamadalire khomo limodzi. Mwana wa achimwene anabwerera kukoleji, ndipo iwo masiku ambiri amagona kunyumba kwawo m'malo mogona m'thiraki pa mzere wa padoko.

Zaka zonse zija ndinkadziona ngati ine ndi amene ndasenza banja lathu ndili kutali, popeza ndine ndinkatumiza. Nditabwera ndinapeza kuti anthu atatu, amayi, amuna anga ndi achimwene, anagwirizana kusenza vuto lalikulu mwakachetechete kuti ine ndisatembenuke ntchito ili pakati. Palibe anandiuza kuti ndiwathokoze, ndipo ndikayamba nkhaniyi achimwene amaisintha.

Dzulo m'mawa anandiimbira ali ku Liwonde, injini ikulira kumbuyo.

"Abwana, tapakira. Tikunyamuka tsopano."

"Achimwene, ndinakuuzani kuti musamanditchule abwana."

"Pa foni ya ntchito ndiwe bwana," anatero. "Lamlungu kwa amayi ukatsuka mbale."